Abiti Husseini ndi Chilembo H

Abiti Husseini a m'mudzi wa Naminjale ku Mozambique, mtunda wa ola limodzi pa njinga kuchokera ku Chiuta, anaphunzitsa amayi kuwerenga kwa zaka makumi awiri, kuyambira pa 3 Meyi 2004 mpaka pa 13 Meyi 2024. Sanachotsedwe pa ntchitoyi ndi matenda kapena ukalamba, ndiponso panalibe wa m'mudzi amene anawachitira njiru. Anachotsedwa ndi chilembo chimodzi, komanso ndi munthu wina amene anayankha funso asakudziwa yankho lake.

Dzina lawo ndi Zakiya, koma anthu amawaitana ndi dzina la bambo awo. Anabadwa pa 9 Juni 1977. Tsikuli limadziwika chifukwa Che Husseini anali mwalimu wa madarasa, ndipo kubadwa kwa mwana aliyense ankakulemba mkati mwa chikuto cha buku lawo la mapemphero. Nkhondo itafika kunyanja ya Chiuta, banja lonse linawoloka pa mabwato awiri pa 23 Okutobala 1986. Sanapite kumsasa wa othawa nkhondo. Anakakhala kwa azakhali awo a Zakiya, amene anakwatiwa tsidya lija m'boma la Machinga. N'chifukwa chake mtsikanayo analowa sukulu ya ku Malawi pamodzi ndi ana a m'mudzimo, ali ndi zaka khumi, wamtali kuposa onse a m'sitandade 1.

Kumeneko kunali mphunzitsi wina amene sankasewera ndi kalembedwe. Ukaiwala h polemba chimanga kapena khasu, ankakugogoda ndi rula pamfundo za zala. Zakiya anagogodedwa kamodzi kokha moyo wake wonse. Kuyambira pamenepo kope lake ndi limene linkazungulira m'kalasi kuti ena aonere. Anamaliza sitandade 7 mu Julayi 1994, ndipo pa 17 Ogasiti chaka chomwecho banja linabwerera kwawo.

Kuno anapita ndi mapepala ake kusukulu ya boma. Anamufunsa mafunso awiri m'Chipwitikizi, iye n'kungoyang'ana pansi. Anamuuza kuti ayambirenso m'kalasi lachitatu. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pa benchi akanakhala ndi ana amene iye anawabereka kumsana. Sanabwererenso. Mu 1996 anakwatiwa ndi Che Bakari, msodzi wa matemba ndi makumba, munthu wa nthabwala ngakhale pamaliro. Anabereka ana asanu, woyamba Rahimu.

Masiku amenewo theka la mudzi linali ndi abale amene anatsala ku Malawi, ndipo makalata ankabwera ndi ogula nsomba. Kalata iliyonse inkathera pakhonde pa Abiti Husseini. Ankawerenga za maliro, za maukwati, za mikangano ya minda, mpaka anatopa ndi kudziwa zinsinsi za mudzi wonse. Chimene chinawafika pakhosi ndi kalata imene anawerengera mnzawo wapakhomo loyandikana, Abiti Tahiru. Mwamuna wake analemba kuti wakwatira wina ndipo sabweranso. Mawu amenewo anatuluka pakamwa pa Abiti Husseini, mwini wake ali pamphasa, ana akumvetsera. Atamaliza anapinda kalatayo nati, "Nkhani ngati iyi munthu azidziwerengera yekha kuchipinda. Lolemba mubwere ndi kamtengo kolembera pansi."

Anayamba ndi amayi asanu ndi mmodzi pakhonde la sukulu, ana akaweruka. Mu 2009 amayiwo anaumba njerwa, adiretori, mkulu wa sukulu wa nthawi imeneyo, n'kuwapatsa malo kuseri kwa sukulu, ndipo anamanga chipinda chawo chophunzirira, chimene aliyense amangochitcha kuti sala ya amayi. Chitseko anakhoma Che Bakari ndi matabwa a boti lakale. Malata anakhomedwa mu Sepitembala 2015. Kiyi ankakhala pa chingwe m'khosi mwa Abiti Husseini. Panalibe amene anawalemba ntchito, choncho ankaganiza kuti palibenso amene angawachotse. M'kope lawo muli mayina a amayi 212 amene anatuluka mu salayo akuwerenga okha.

Amayi ankabwera ndi ana, ndipo ena mwa anawo ankatola zilembo asanayambe n'komwe sukulu. Mmodzi anali Shakila, amene anayamba kubwera mu 2007 ali ndi zaka zisanu. Dzanja lake analigwira ndi Abiti Husseini polemba a woyamba. Kenako atsibweni ake anamutengera ku Insaca, kumene anaphunzira pa sukulu imene imaphunzitsa m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi, mpaka kalasi lakhumi. Anabwerera ku Naminjale atakwatiwa.

Lolemba pa 19 Febuluwale 2024 kunabwera galimoto ya bungwe lina, itanyamula matabuleti makumi awiri, sola yoika padenga, ndi bokosi lachitsulo. Anatsogolera ndi a Stélio, munthu wa zaka za m'ma makumi atatu wochokera kumwera, waulemu, amene anatola Chinyanja chochepa m'zaka ziwiri zimene anakhala ku Insaca. Wina asaname kuti Abiti Husseini anadana ndi makinawo. Ndi iwo amene anayambitsa nthungululu. Anaona tabuleti ikutchula chilembo mobwerezabwereza osatopa. Anaona a Stélio akukulitsa zilembo ndi zala ziwiri, ndipo Abiti Tahiru, amene maso awo anayamba kuchita chifunga, anawerenga mzere wathunthu osatsinzinira. Kwa zaka zambiri Abiti Husseini ankalimbana ndi choko chothera m'manja ndi makope onyowa ndi mvula. Tsiku limenelo anauza amuna awo kuti akanakhala ndi zinthu zimenezi kuyambira kale, bwenzi pano ndi nkhuku zomwe zikuwerenga.

Bungwe linasankha sala ya amayi chifukwa ndi yokhayo inali ndi chitseko cholimba ndi denga losadontha. Anakhoma sola pa malata amene amayi anakweza ndi manja awo. Kenako adiretori a sukulu, a Benedito, anawerenga malamulo awiri. Loyamba, woyang'anira sala akhale munthu amene wakhoza pulova ya Chinyanja, mayeso olembera pa tabuleti pomwepo. Lachiwiri, poopa akuba, mu sala musamalowe wina aliyense kupatula woyang'anirayo ndi ophunzira olembedwa m'makina. Mpaka woyang'anira apezeke, matabuleti anatsekeredwa mu ofesi ya adiretori.

"Zangokhala za pepala, mama," anatero a Benedito. "Inu ndi pulova ya Chinyanja? Ndi ngati kuyesa a Bakari ngati amadziwa kupalasa."

Abiti Husseini ankaopa chinthu chimodzi chokha, zala zawo. Kwa mwezi wathunthu ankabwereka foni ya Rahimu n'kumayeserera kulemba pagalasi, mpaka chala chinazolowera.

Pulova inachitika Lachiwiri pa 26 Malichi, mkati mwa Ramazani. Olemba anali anayi: Abiti Husseini, Shakila, ndi amuna awiri a ku Chiuta amene anamva kuti kuli ntchito. Mawu a mzimayi ankatuluka m'tabuleti, kunena chiganizo kawiri, iwe n'kulemba. Ziganizo zinali makumi awiri, zonse za mwana wa sitandade 2. Chimanga chacha. Chule ali m'chitsime. Mphaka wagona pa mphasa. Abiti Husseini anamaliza oyamba, n'kubwerezanso kuwerenga, osapeza cholakwa. Anakanikiza pomalizira. Nota, malikisi awo, inatuluka nthawi yomweyo, yofiira: 8. Yofunika inali 14. Shakila anapeza 17.

"Mwina chala chinaterereka," anatero a Benedito.

"Ndionetseni pamene chinaterereka."

"Makinawa saonetsa, mama. Zonse zimapita kubungwe."

"Ndiye ndalakwa, koma cholakwa changa n'chinsinsi? Mwana wa madarasa akaphonya, mwalimu amamulozera ndi ndodo kuti apa. Ichi chimangotukwana n'kutseka pakamwa?"

A Benedito anali munthu wachilungamo, ndipo analembera bungwe kalata yakuti mayi amene wagwira salayo zaka zonsezi ayenera kumvedwa. Abiti Husseini anadikira kuti Idi idutse. Lachiwiri pa 16 Epulo anakwera njinga ya amuna awo mpaka ku Chiuta, n'kukwera shapa, minibasi ya ku Insaca, kalatayo ili m'kachikwama pamodzi ndi chitupa chawo.

Ofesi ya bungwe inali kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Anadikira pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo. A Stélio atabwera anawapatsa mpando, n'kutsegula kompyuta, n'kuwatembenuzira. Ziganizo zawo zonse zinali pamenepo, khumi ndi ziwiri zili zofiira.

"Onani, mama. Apa. Apa. Apanso. Mwaika h."

"Ndaika h chifukwa pali h."

"Kuno ku Mozambique palibe. Chimanga ndi c, i, m. H ndi wa ku Malawi. Makina akaona chilembo chimodzi cholakwa, chiganizo chonse chafa."

"Chimanga chimene timalima kuno n'chosiyana ndi cha tsidya lija? Mbewu yake tinabwera nayo m'chitenje."

"Si ine, mama. Ndi kalembedwe ka boma."

Pamenepo a Stélio ankanena zoona. Anawalozera katoni imene munabwera matabuleti, ndipo pambali pake panalembedwa Cinyanja, popanda h. Abiti Husseini anayang'ana liwulo nthawi yaitali. M'zaka makumi atatu chibwerereni, panalibe amene anawaonetsapo buku la boma la m'chilankhulo chawo. Ku Naminjale sukulu inkaphunzitsa m'Chipwitikizi chokha.

"Nanga chikwangwani cha pa Chiuta?" anafunsa. "Ndadutsapo lero m'mawa. H alipo, wamkulu bwino. Pa Mecanhelas aliponso."

"Icho ndi Chipwitikizi."

"Ndamva. H wa Mpwitikizi ali ndi chitupa, wanga ndiye wothawa nkhondo."

Mlonda amene anali pakhomo anaseka. A Stélio sanaseke. Anawerenga kalata ya adiretori, anaimba foni, kenako ananena kuti bungwe lalola pulova yachiwiri pa 7 Meyi. Akakhoza, sala ikhalabe yawo. Akalephera, ipita kwa Shakila, ndipo mayina akangotumizidwa ku likulu palibenso wosintha.

Abiti Husseini anali asanapemphepo munthu kuti awaphunzitse kulemba chichokereni ku Machinga, koma anafunsa.

"H ameneyu ndimuchotse paliponse?"

"Paliponse, mama."

"Nanga mphaka ndi mpaka zisiyana bwanji?"

"Mwanena mawu amodzi kawiri," anatero a Stélio, maso ali pa foni. Khutu lawo silinkamva kusiyana kwake. Kenako anatenga chitupa cha Abiti Husseini chimene chinali patebulo. "Onani ngakhale apa. Inu mumati Husseini. Boma linalemba Ussene. Kuno h sitimusunga."

Akanangonena kuti sindikudziwa, kafunseni wodziwa, nkhani ino bwenzi palibe. Mawu amenewo ndi aafupi, ndipo satsitsa munthu pampando. Koma a Stélio anali kuseri kwa tebulo, kompyuta ili patsogolo pawo, ndipo pamalo otero anthu amayankha ngakhale zimene sakuzidziwa. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sanena kuti nthawi zina kalumoko amakagwira chakumutu.

Mu shapa pobwerera, Abiti Husseini anaisinkhasinkha nkhaniyo mpaka inawakhalira bwino m'mutu. Katoni anaiona ndi maso awo. Chitupa anali nacho m'manja. Ndipo m'Chiyao, chimene amalankhula ndi apongozi awo, mulibe kupumira kumene kumasiyanitsa khasu ndi kasu. Mwina amene anakonza kalembedwe ka boma anali Myao, anaganiza motero. Zonse zinagwirizana.

Kwa masabata atatu anadzizula mano okha. Ankalemba ndi khala pa makatoni onyamulira matemba: antu, nkuku, kasu, ntoci. Dzanja linkaika h lokha, iwo n'kufufuta ndi chala chamalovu, n'kulembanso. Mu sala ankaphunzitsabe masana aliwonse, koma ankazemba mawu onse okhala ndi h, chifukwa mtima sunkawalola kuphunzitsa amayi zinthu zimene iwo ankaziona ngati chibwibwi cholembedwa. Sanauze aliyense kupatula amuna awo.

"Amake Rahimu, apa mwalemba chiyani?" anafunsa Che Bakari tsiku lina akusoka ukonde. Iwonso anaphunzira kuwerenga kwa akazi awo, mobisa, mu 2006.

"Phala."

"Ine ndikuona pala. Ndipale chiyani, mamba a nsomba?"

"Sokani ukonde wanu."

"Bwanji osamufunsa mwana uja? Anapeza 17."

"Ndikafunse Shakila? Amene ndinamupukuta mamina ndi chitenje changa?"

"Safunsa anadya phula. Kapena tiziti pula, malinga ndi boma."

Anaponyeredwa khala, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Shakila anabweradi kawiri. Ulendo woyamba, pa 20 Epulo, Abiti Husseini anamuona akutulukira panjira, n'kuzemba kulowa m'munda wa chinangwa. Ulendo wachiwiri, pa 1 Meyi, anasiya kapepala kopinda kwa Che Bakari. Abiti Husseini anaganiza kuti ndi mawu opepesa, ndipo chipepeso cha munthu amene akudikira kiyi wawo sanachifune. Anatuma kuti kapepalako kabwezedwe kali chipindire. Ili ndi gawo lawo pa mlanduwu, ndipo iwo eni salikana.

Lachiwiri pa 7 Meyi analemba okha mu ofesi ya a Benedito. Ziganizo zinali zomwe zija. Cimanga caca. Cule ali m'citsime. Atafika pa mphaka, chala chinaima m'malere. Ankadziwa, monga mmene munthu amadziwira dzina la mwana wake, kuti zimene akufuna kulemba n'zabodza. Analemba: Mpaka wagona pa mpasa. Anachotsa h pa anthu, pa nkhuku, pa thumba, pa khomo. Nota inatuluka: 9.

Kunyumba Che Bakari anayesa kuti, "Mwakwera ndi imodzi. Pa liwiro limeneli mudzakhoza mu 2029." Ataona nkhope ya akazi awo anatenga nkhafi n'kupita kunyanja, ngakhale sinali nthawi yake.

Lolemba pa 13 Meyi, dzuwa litapendeka, Shakila anabwera kachitatu, atatumidwa ndi adiretori. Anagwada patali ndi khonde, mwana ali kumsana. Ulendo uno Abiti Husseini sanathawe.

"Wabwerera kiyi."

"Andituma, amayi."

"Sendera. Usagwade ngati wabwera kudzapempha mchere. Ndiwe mwini sala tsopano."

Shakila anasendera pang'ono. "A Benedito andionetsa zimene munalemba. A Stélio anawatumizira. Amayi, anakuuzani ndani kuti muchotse h pa nkhuku?"

"Bwana wako."

"H amachoka pa ch pokha. Chimanga, chule, chitsime, amenewo ndi c yekha. Pa kh, pa ph, pa th, amakhala monga munatiphunzitsira. Ndipo pamene ku Malawi amalemba tch, kuno timalemba ch. Ntchito imakhala n, c, h. Basi."

"Basi?"

"Basi, amayi. Ndi zimene ndinalemba pa kapepala kaja."

Abiti Husseini anatola kamtengo. Analemba pansi: cimanga. Nkhuku. Nthoci. Nchito. Mphaka wagona pa mphasa. Anayang'ana Shakila.

"Zonse zili bwino," anatero Shakila motsitsa mawu.

Kalembedwe konse ka boma anakaphunzira m'nthawi imene munthu amamwera kapu ya madzi. Chimenechi ndi chimene chinawapsetsa mtima kuposa nota zonse ziwiri. Anadzuka, chitenje chili m'manja.

"Anabwera ndi galimoto. Anabwera ndi sola, ndi bokosi lachitsulo, ndi malamulo awiri. Pa katundu yense uja panalibe malo a mzere umodzi wonena kuti inu amene munaphunzira tsidya lija, samalani ndi ch? Theka la boma lino linaphunzira tsidya lija. Sitinapiteko kukaona malo. Makina amadziwa kundiuza kuti ndalakwa, osadziwa kundiuza pati. Munthu amene anawabweretsa samva kusiyana kwa mphaka ndi mpaka, koma ndi amene amagawa masala a Chinyanja. Ine ndinamukhulupirira, ndi kupusa kwangako. Ndinapha zimene ndikuzidziwa chifukwa wanena ndi wa pa kompyuta."

"Tikauze adiretori. Mwina pulova yachitatu..."

"Adiretori aimba kale foni. Mayina apita. Ati ndidikire akadzatsegulanso, kaya ndi liti."

"Ndiye ine ndikana. Ndiwauza kuti sindikufuna."

"Ukane kuti apatse wa ku Chiuta uja, amene anapeza 11 ndipo sadziwa dzina la mayi mmodzi wa m'mudzi muno? Usandiwonjezere mkwiyo, iwe." Anavula chingwe m'khosi n'kuchiponya pamphasa. "Tenga. Loko amalimba nthawi ya mvula, uzimukankhira m'mwamba. Abiti Tahiru uziwakhazika kufupi ndi windo. Ukawafunsa ngati amva, onse adzati tamva. Usawakhulupirire. Uziyang'ana zala."

Shakila anatola kiyi ndi manja awiri. Sanadzuke.

"Amayi, mawa amayi aja akandifunsa kuti muli kuti, ndidzati chiyani? Ena anena kale kuti ngati inu mulibemo sabwera."

"Lamulo lachiwiri unalimva. Mulowa woyang'anira ndi ophunzira olembedwa."

"Ndinalimva."

Mwana kumsana anayamba kulira, Shakila n'kumugwedeza.

"Malo a ophunzira adzaza?" anafunsa Abiti Husseini.

Sala inatsegulidwa ndi matabuleti Lolemba pa 20 Meyi. Amayi anafola pakhomo kuti alembedwe mmodzimmodzi, a Benedito ataima pambali kuona kuti lamulo likutsatidwa. Abiti Husseini anali achisanu ndi chiwiri pamzere, atavala chitenje cha pa Idi. Amayi amene anali patsogolo pawo anafuna kuwapatsa njira, iwo anakana.

Shakila analemba dzina monga lilili pa chitupa, Zakiya Ussene, ndi tsiku lobadwa. Kenako tabuleti inafunsa funso lomaliza, ndi mawu a mzimayi yemwe uja wa pa pulova: "Kodi mumadziwa kuwerenga ndi kulemba?" Pansi panali mabokosi awiri, Inde ndi Ayi.

"Mukakanikiza Inde ikukanani," ananong'oneza Shakila. "Maphunzirowa ndi a osadziwa okha. Bweretsani ndikanikize ine."

"Chotsa dzanja. Bodza langa ndinena ndekha."

A Benedito anayang'ana kudenga, ngati akuona mmene sola inakhalira. Amayi a pamzere, amene ambiri mwa iwo anali m'kope lija kapena anali ana a amene ali m'kopemo, anayang'ana pansi. Abiti Husseini anakanikiza Ayi mwamphamvu mpaka galasi linachita mthunzi pansi pa chala.

Anakhala pa benchi lachiwiri, limene anapala ndi manja awo mu 2009. Tabuleti inajambula a wamkulu wa timadontho, n'kuwapempha kuti atsatire ndi chala. Anatsatira. Tabuleti inaomba m'manja n'kunena kuti, "Mwachita bwino kwambiri." Anaitembenuza chafufumimba pa benchi, n'kudzuka kupita kuwindo, kumene Abiti Tahiru anagwira yawo mozondotsa ndipo ankaopa kunena.

Umu ndi mmene salayo imayendera mpaka lero. Shakila amatsegula, amatchaja matabuleti, amatumiza zofunika kubungwe, ndipo ntchitoyo amaidziwa bwino. Abiti Husseini amamaliza phunziro lawo la tsikulo asanakhale n'kukhala komwe, kenako amayendayenda pakati pa mabenchi kuyang'ana zala. Makinawo amathandiza, iwo sakana. Amayi a maso ofooka amawerenga tsopano, ndipo amene ajomba sabata yathunthu nthawi yowamba nsomba amayambira pamene anasiyira. Koma a Stélio akabwera kudzayendera, Abiti Husseini sawapatsa moni, ndipo a Stélio mpaka pano amafunsa adiretori kuti mayi aja anawalakwira chiyani.

Pa 6 Disembala 2024 bungwe linatumiza lipoti lake la chaka, ndipo a Benedito analikhoma pakhoma la ofesi. Pali chithunzi cha sala ya amayi, sola ikuwala padenga. Pansi pake pali mayina a amayi amene matabuleti anawaphunzitsa kuwerenga m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Dzina loyamba, la wophunzira amene anapeza nota yoposa onse m'boma lonse, ndi Zakiya Ussene.